Nsapato zanu zoyera, a Zuze

A Zuze, mkulu wanga, lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni. Ndatulutsa m'katoni nsapato zanu zothamangira, zoyera zija munagula pa salaula, pamsika wa zovala zakale ku Lusaka, kuti ndivale popita kumanda. Ndisanafike pamsika wa Boma, siponji yapansi yayamba kunyenyeka ngati buledi wouma.

Ndakumbuka tsiku lija tili m'bwato kupita ku Kavalamanja, mutazikoleka m'khosi. Nditakusekani munati, "Izi si zopondera matope, iwe. Koma Sande iliyonse ndimazivala, nsapato ukangozisunga zimafa." Ine sindinamve, ndinazisunga poopa kuti zingathe.

Ndafika pamanda panu nditazikoleka m'khosi, mapazi akupsa ndi mchenga. Ndisekeni ndithu, a Zuze. Ndakusowa kuseka kwanu kuja.