Pomwe a Jaji Analoza m'Munda wa Tiyi

Linali Loweruka la mkati mwa Juni, chaka chimene ndinali mu Sitandade 3, ndipo ndinali kupesa amayi pakhomo pathu kumalayini a antchito a pa esiteti ya tiyi. Tsitsi lawo linali lalitali ndi lopiringizana kuposa la mayi aliyense kumeneko, chifukwa anali asanametepo chimwalirire amalume.

Amalume anali mlongo wawo yekhayo amene anabwera naye kuchokera kwa Apwitikizi. Anamenyana ndi kapitawo pa nkhani ya thangata, kapitawoyo n'kufa, ndipo anakawanyonga ku Zomba ine ndisanayambe kuyenda. Mtembo sunabwere. Kwathu maliro amatha anthu akameta, koma amayi ankati sangamete maliro a munthu amene sakudziwa pomwe anagona. Ankangowonda chaka ndi chaka, ndipo usiku sankagona bwino.

A jaji amene anaweruza mlanduwo atakalamba anadzakhala pa esiteti yathu yomweyi, kwa mwana wawo amene anali manijala. Abambo ndiwo ankaphika kunyumbako, choncho mbiri yawo tinkaimva kwa iwo. Akuti kwawo kutsidya kwa nyanja anayamba ali loya, wolankhulira anthu pamilandu, ndipo ambiri anapulumuka chifukwa cha pakamwa pawo. Kuno anafika ali jaji kale. Ankayenda pamachila kuchoka boma lina kupita lina, kabokosi ka wigi yawo kakutsatira pamutu pa wamtengatenga. Tsopano mutu unali utayamba kusokonekera. M'mawa uliwonse ankavala wigi ija, ya bweya wa hatchi, n'kuuza abambo kuti andandike mipando pakhonde. Pamipandopo sipankakhala munthu.

"Lero upite ukawafunse a jajiwo komwe anawaika amalume ako," anatero amayi ndikuwapesa. "Si umadziwa chizungu iwe?"

"Chizungu chake chowerengera mbuzi chija?" anatero abambo akumanga lamba. "Amake mwana, mukufuna andichotse ntchito?"

"Inu mwawaphikira supu miyezi yonseyi, simunafunse. Musiyeni mwana afunse."

Ine ndinali mwana woti aphunzitsi akandiloza mawu ankathawa. Komabe ndinafunda nsalu n'kutsatira abambo, ndikubwereza funso langa chamumtima njira yonse.

Kunali chiperoni. Tiyi anali atadulidwa kumene, ndipo zitsa zake zakuda zinkaonekera m'nkhungu ngati anthu ogwada m'mizere. Tisanafike n'komwe ndinamva mawu a nkhalamba akutchula maina, limodzilimodzi. Akatchula dzina ankadikira pang'ono, ngati wina ayankha. Ena anali maina a kuno, ena achilendo. Ndiye ndinamva la amalume. Analitchula mopotoka, koma linali lomwelo.

Abambo analowa kukhitchini osanditembenukira. Ndinagwada pa sitepe yotsiriza. A jaji anali aang'ono kuposa mmene ndinkaganizira, atafunda bulangeti m'miyendo, wigi itapendekera kukhutu limodzi. Ndinanena funso langa ndikuyang'ana pansi. Sanamve, ndinabwereza.



"Zimenezo jaji sauzidwa, mwana iwe," anatero m'chizungu chapang'onopang'ono. "Ine ndinkangonena mawu, ena n'kumutenga munthuyo. Sindinaonepo manda a mmodzi yemwe."

Ndinafuna kudzuka, koma anakweza dzanja.

"Bwanji osamufunsa mwini wake? Suyo apo."

Analoza kumunsi, pamene panali mtengo wamthunzi pakati pa mizere.

"Amaima pamenepo m'mawa uliwonse. Anzake anasiya kubwera, iyeyu ayi. Ndamuuza kuti mlandu unatha kalekale. Sayankha. Amangochita chonchi."

Anayendetsa chikhatho pamwamba pa wigi, kuchokera pamphumi mpaka kunkhongo, kenaka n'kubwerezanso. Iwo sankadziwa chimene ankandionetsa. Ine ndinali nditaona azakhali akumeta anthu pamaliro a agogo, ndipo dzanja lawo linkayenda choncho.

Ndinayang'ana kumtengoko. Sindinaone munthu, sindinganame. Koma nkhungu inkatsika phiri lonse mofanana, ndipo pamalo amodzi okhawo inkagawikana n'kukumananso kumunsi, monga amachitira madzi akapeza mwala.

Abambo anandigwira paphewa. Sindinawamve akubwera.

"Usayang'ane. Tiye."

Anandiperekeza mpaka pamsewu. Chizungu chawo chinali cha kukhitchini, koma ndikhulupirira anamva zokwanira.

"Amako ukangowauza kuti bwanayo sakudziwa. Zina zija n'zaukalamba, wamva?"

Ndinavomera, ndipo ndinachitadi zomwezo. Amayi anali kusankha nyemba palichero. Ndinawauza kuti bwanayo sakudziwa. Anapitiriza kusankha, koma ndinaona kuti zabwino ankaziponya pansi, zofumbwa n'kuzisiya.

Masana onse ndinkaganiza. Sindinkadziwa ngati amalume amaimadi pamenepo, kapena anali m'maso mwa nkhalamba yokhayo. Kusukulu ya mishoni akanati n'zachikunja. Koma manda sitikanawapeza, ndipo padziko lonse malo amene munthu analozapo n'kunena kuti ali apo anali amodzi okhawo.

Ndinatsimikiza mtima kuti mawa lake, belu la kutchalitchi lisanalire, nditenga lumo la abambo ndi chikho cha madzi, ndiwauza amayi zonse, n'kupita nawo pansi pa mtengo uja kuti ndikawamete ndekha.