Mlonda Amene Ndinamulemba Ntchito Ndekha

Ntchito yanga yoyamba inali yotayipa makalata pa ofesi ya bungwe lina lothandiza alimi pa Mponela. Zinali zaka zija zipani zitangochuluka, pamene munthu ankayamba wayang'ana nsalu imene mnzake wavala asanamupatse moni. Bungwelo linkagawa mbewu ya chimanga ndi feteleza m'midzi ya ku Dowa ndi kumapiri a ku Ntchisi, ndipo moyo wonse wa ofesiyo unali pamndandanda wa mayina. Wokhala pamndandanda ankalandira, wosowapo ankabwerera ndi thumba lopanda kanthu. Mudzi wa kwathu unalinso pomwepo. Kumeneko n'kumene kunkakhala mayi anga aang'ono, amene anandilera mayi atamwalira, ndipo ankandinyadira moti ngakhale wogulitsa tomato pamsika ankadziwa kuti mwana wawo ali pa ofesi.

Kompyuta itabwera palibe amene anaifuna. Bwana wathu, bambo wovala jekete ngakhale mu Okutobala, anangoisuzumira n'kunena kuti, "Izi n'za otayipa." Basi inakhala yanga.

Kulikulu anatumiza katswiri wina kudzandiphunzitsa kwa milungu iwiri. Iyeyo ndiye anaikamo pulogalamu yosunga mbiri ya mafayilo. Ukafuna kusintha mndandanda unkautulutsa m'malo amene tinkawatcha nkhokwe, ukatha n'kuubwezamo, ndipo wakale sunkatayika. Aliyense wa ife anapatsidwa dzina lolowera ndi pasiwedi yake, mawu achinsinsi otsegulira kompyuta, ndipo tinasainira pepala lolonjeza kuti sitidzauza munthu wina pasiwediyo. Tsiku lomaliza katswiriyo anandionetsa foda ina mkati mwa nkhokwemo, foda ya oyang'anira. Anati mmenemo munthu angathe kuikamo timapulogalamu take, timene timadzuka tokha wina akamabweza fayilo. "Koma musamaseweremo, achemwali," anatero, n'kundisiyira buku lokhuthala lochita kufotokopa, masamba ena osaoneka n'komwe.

Sindikanaseweramo pakanapanda zimene zinachitika nyengo yogawa itakwana. Kunabwera amayi a mudzi wina wa cha ku Bowe, atayenda wapansi, kudzafunsa chifukwa chake mayina awo sanaitanidwe. Bwana anawayankha atakhala pampando kuti kompyuta yalakwitsa. Ine ndinali pomwepo, ndipo amayi aja onse anatembenukira kwa ine. Ndinapsa mtima, chifukwa kompyuta ikalakwa pa ofesi imeneyo ndiye kuti walakwa ndine. Komanso ndinkaona anthu a zachipani akulowa mu ofesi ya bwana n'kutseka chitseko, potuluka akuseka kwambiri kuposa mmene nkhani za feteleza zimasekeketsera.

Mbiri yonse inalimo m'nkhokwe, inde, koma kuti upeze dzina limodzi lochotsedwa unkafunika kufukula tsiku lathunthu, ndipo palibe akanachita zimenezo. Ndiye ndinaganiza zolemba kapulogalamu kanga. Ndinkafuna kazichita zinthu ziwiri: kazikana kulandira mndandanda ngati wosinthayo sanalembe chifukwa, ndiponso kazilemba m'fayilo ina, m'mawu oti aliyense awerenge, dzina la wosinthayo ndi mayina onse amene wachotsa. Ndinakalemba nthawi ya nkhomaliro, anzanga ali kokagula chiwaya, ine ndili ndi buku lija ndi chinangwa chophika m'pepala. Panatha mwezi.

Nditakaika m'foda ya oyang'anira, sikanachite kanthu. Ndinachotsa dzina loyesera, nkhokwe inalandira ili phee. Masiku awiri ndinakhala ndikutukwana kompyuta chamumtima, mpaka ndinapeza pa tsamba lina lofufutika kuti m'fodamo muli kafayilo kena kamene umayenera kulembamo dzina la kapulogalamu kako. Ukapanda kutero nkhokwe imangokasunga, osakatulutsa kuti kagwire ntchito. Ndinalemba mzere umodzi wokhawo, n'kuyesanso. Kompyuta inandikana ine mwini wake, n'kundifunsa chifukwa. Ndinaseka ndekha mokweza mpaka wa ofesi yoyandikana nafe anadzasuzumira pakhomo. Kuyambira tsiku limenelo kapulogalamuko ndinkakatcha mlonda.

Ndiye pakamwa panga! Pa Khirisimasi ndinakwera matola kupita kumudzi, ndipo nditakhala pakhonde la mayi aang'ono, anthu atadzaza kudzandilonjera, ndinadzitama. Ndinati tsopano palibe amene angachotse dzina la munthu osadziwika, ndaika mlonda amene sagona, sadya chiphuphu, ndiponso sanama. Mayi aang'ono anaomba m'manja. Abambo ena amene ankadziwika kuti anavotera kosakondweretsa akuluakulu a kuderako anandigwira dzanja ndi manja awiri.

Chimene sindinawauze n'chakuti pa ofesi pathu panali kachitidwe kena. Bwana anali ndi dzina lawo lolowera, koma sanaligwiritsepo ntchito. Akafuna kuona kanthu ankangoti, "Achemwali, tandilowetsani," ine n'kulowa ndi dzina langa, n'kuwapatsa mpando. Munthu wamkulu, wa msinkhu wa bambo ako, ungamuuze bwanji kuti lowani nokha? Ankakhala pambali panga akuoneka ngati akuwodzera, koma maso ali pa zala zanga.

Chaka chotsatira, mndandanda uli pafupi kutsekedwa, mwana wanga anadwala malungo ndipo anatigoneka kuchipatala ku Madisi. Ndisananyamuke bwana anandilankhula mwachifundo kwambiri. "Pitani mukasamale mwana, za mafomu a tchuthi musavutike nazo. Koma tisiyireni pasiwedi ija, ntchito isaime." Ndinakumbukira pepala limene ndinasaina. Ndinayang'ananso imvi zawo, mwana akutentha kumsana kwanga. Ndinailemba pakapepala n'kuwapatsa ndi manja awiri, ndipo ndinawathokoza.

Nditabwerako patatha sabata, mndandanda unali utasindikizidwa kale n'kutumizidwa. Fayilo ya mlonda sindinaitsegule. Apa ndimadziimba mlandu mpaka lero. Ndinamudalira kwambiri mlonda wangayo moti ndinaleka kumufunsa zimene waona.

Mvula yoyamba itagwa, madandaulo anafika kulikulu kuti midzi itatu ya ku Ntchisi sinalandire kanthu. Umodzi unali wa kwathu. Anatumiza mayi wina wofufuza, wa magalasi, wolankhula motsitsa. Tinakhala atatu mu ofesi, iye, bwana ndi ine. Atafunsa ngati pali njira yodziwira amene anasintha mndandanda, ndinadumpha ine ndemwe, mtima uli m'malo. Ndinamufotokozera za mlonda, mmene ndinamulembera, mmene ndinamuikira m'foda ya oyang'anira.

"Kangalakwitse kapulogalamu kameneka?" anafunsa mayiyo.

"Ayi, mayi. Kamalemba zimene kaona basi."

Ndinatumiza fayiloyo ku pulinta. Inalira kwa nthawi yaitali, pepala likutsika mpaka pansi. Mzere uliwonse unkayamba ndi dzina langa. Pa chifukwa panalembedwa kuti "kukonza zolakwika", mawu amene ine ndinkakonda kulemba tsiku lililonse. Ndinawerenga mayina a anthu amene ndinakula nawo, ndipo chapakati pa tsamba lachiwiri ndinapeza dzina la mayi anga aang'ono.

Ndinati taonani masiku, sabata imeneyo ndinali kuchipatala. Koma kabatire kosunga nthawi m'kompyutamo kanali katatha kalekale, ndipo magetsi akazima tsiku linkabwerera ku chaka china chimene ine ndinali ndisanamalize pulayimale. Kabatire kameneko ndinakapempha kangapo, bwana n'kumati tiona. Mizere yonse inali ndi tsiku limodzi lopanda pake. Fomu ya tchuthi panalibe, choncho m'mabuku ndinali pantchito.

"Pasiwedi yanu munapatsapo munthu?" anafunsanso mayi uja.

Ndinanena zoona, kuti ndinapatsa bwana. Bwana anavula magalasi n'kupukusa mutu mwachisoni, ngati kholo limene mwana walichititsa manyazi pagulu.

"Ine kompyuta, mayi? Funsani aliyense pano. Ngakhale poyatsira sindipadziwa. Mwanayu ndamusunga ngati wanga, sindikudziwa chimene chamulowa."

Anafunsadi, ndipo onse pa ofesi anavomereza kuti bwana sanakhudzepo kompyuta popanda ine. Sananame, ankanena zimene ankaona. Mayi wofufuzayo anandiuza mosakweza mawu kuti ngati ndinachotsa mayina ndine, ndalakwa, ndipo ngati ndinapereka pasiwedi, ndaphwanya zimene ndinasainira. Kalata yondichotsa ntchito anaitayipa yekha, pa kompyuta yomweyo. Asanachoke anandipempha kuti ndimukopere kapulogalamu kaja padisiketi. Anati n'kabwino kwambiri, akufuna akakaike m'maofesi ena onse. Ndinamukopera, ndipo ndinamukumbutsa za mzere uja wofunika kulemba kuti kagwire ntchito. Mpaka pano sindimvetsa chifukwa chake ndinachita zimenezo.

Ntchito sinandiwawe kwambiri, ndinapeza ina ku sitolo ya amwenye ena pa Mponela pomwepo. Chimene chinkandisowetsa mtendere chinali kumudzi. Nkhani inali itafika kale ine ndisanafike, ndipo inafika yaifupi: makina atchula mwana wa kuno. Ena ankati a zachipani anandilonjeza udindo, ena ankati ndinakwatiwa ndi wachipani. Ndinazengereza mpaka mu Febuluwale.

Nditatsika matola, anthu amene anandigwira dzanja pa Khirisimasi ija anandiyankha moni akuyang'ana kumbali. Mayi aang'ono ndinawapeza kumunda, kutsetsereko kwa phiri. Anali atadzala mbewu yotsala m'nkhokwe, yopanda feteleza, ndipo chimanga chinali chachikasu, chosafika m'chiuno, pamene kutsidya kwa mtsinje, kumudzi umene unalandira, chinali chitamasula kale ngayaye. Ndinagwada pamzere n'kuwafotokozera zonse, za mwana, za kapepala, za kabatire. Ndinalankhula nthawi yaitali, ndikulira, ndipo ndinkadzimva ndekha kuti nkhani yanga ili ndi mbali zambirimbiri pamene ya anthu ili ndi imodzi.

Anandimvetsera atatsamira khasu. Sanandikalipire. Anandipukuta dothi pabondo monga ankachitira ndili mwana.

"Ine ndikufuna ndikukhulupirire, mwana wanga," anatero. "Koma unatiuza wekha pakhonde paja, anthu onse akumva, kuti mlonda wakoyo sanama. Ndiye anthu akandifunsa ndiziti wanama ndani, iweyo tsiku lija kapena iweyo lero?"

Anatola khasu n'kupitiriza kubandira chimanga chimene tonse tinkadziwa kuti sichibereka.