Wonga umene amayi anafesa m'dimba

Dzulo pa wailesi mnyamata wina amatsutsa zokhwimitsa malamulo a mfuti, ati makolo athu ankasunga mfuti popanda wowafunsa. Bodza lenileni! Chiphaso cha mfuti ya abambo anga ndikadali nacho m'sutikesi, chidindo chake chikuonekabe.

Inali gogodera, mfuti yachikale yothira wonga, yothamangitsira anyani m'munda mwathu ku Kadewere. Mfutiyo ankasunga ndi abambo, koma wonga unkakhala kwa amayi, m'chitini chonunkha ngati dzira lowola. Abambo anali mkamwini, choncho pamudzi pa amayi mfuti sinkalira eni mudziwo asanavomere.

Tsiku lina masana amalume anafika thukuta lili kamukamu, atakangana ndi mnansi wawo za malire a munda.

"Alamu, ndibwerekeni mfuti. Lero aona!"

Abambo anangoyang'ana amayi. Amayi anatenga chitini chija, kupita nacho kudimba, n'kuwaza wonga wonse pabedi la mpiru, kenaka n'kuthirira.

"Achimwene, mfutiyo tengani. Mukam'menye nayo ngati ndodo, ngati mulibe manyazi."

Amalume anatukwana, anakhala pansi, mapeto ake anapempha madzi akumwa.

Ine, pokhala mwana, ndinangoona njere zakuda zikufesedwa, ndiye m'mawa uliwonse ndinkathirira bedilo, kudikira kuti pamere timfuti. Panamera mpiru basi, ndipo chaka chimenecho anyani anatidyera chimanga kwambiri.

Mnansi uja anadzamwalira ndi ukalamba, amalume ali m'gulu losenza maliro ake. Lamulo akulimbirana pa wailesilo, amayi anga analikhwimitsa kalekale ndi ndowa imodzi ya madzi.