Mipira yonse ndinaizinda ku Erdington

Ndikukumbukira bwalo la sukulu yathu ku Erdington, ku Mangalande, udzu wake wonyowa ngakhale dzuwa litawala. Ndinali nditangobwera kumene kuchokera ku Kasungu kutsatira amayi, omwe anali nesi pachipatala. Chingerezi cha anzanga chinkangondidutsa m'makutu, ndipo m'kalasi ndinkangokhala duu.

Aphunzitsi a zamasewera anali bambo wa ku America, wopenga ndi besibo, masewera akwawo omenya mpira ndi chibonga. Mvula ikagwa ankationetsa zithunzi zakalekale za azibambo onyamula zibonga, n'kumati awa ndi akatswiri omwe anaunjika mabesi oposa mazana anayi m'chaka chimodzi. Mabesi ndi timapilo tomwe wosewera amapondapo pozungulira bwalo. Analonjeza kuti wotsogola pa mabesi teremu imeneyo adzalandira chipewa chenicheni cha ku America pamaso pa makolo. Ine ndinatolapo ziwiri zokha: mabesi ambiri, chipewa.

Tsiku loyamba anandipatsa chibonga, mpira n'kubwera, thupi langa n'kukumbuka fulaye. Kwathu mpira ukamabwera umazinda, ndipo pa kuzinda panalibe wondiposa. Ndinawerama, ndinadumpha, ndinapendekeka. Anzanga ankaponya mwachisawawa, ndiye akaphonya kanayi aphunzitsi ankandilozera pa besi yoyamba. Ndikangofika pamenepo liwiro linkamaliza zotsalazo. Aphunzitsi ankakuwa uku akugwedeza manja ngati akuwaza nkhuni, ine n'kumati akundichemerera. Chimene chinkandizunguza mutu chinali chibongacho. Ankanditopetseranji nacho?

Ndinauza amayi kuti chipewa n'changa basi. Iwo anasinthana shifiti ndi mnzawo kuti adzaonerere, n'kuvomera kudzagwira ntchito Lamlungu, chikhalirecho kutchalitchi sankajomba.

Tsiku lomaliza anabwera atavala jekete pamwamba pa diresi lawo la zikondwerero. Ndikazinda, nthungululu inkamveka mpaka kumsewu.

"Ameneyo ndi wanga! Zinda, mwanangu!"

Makolo ena ankangowayang'ana. Ine mtima unali m'mwamba, chifukwa kanali koyamba kuti amayi andione ndikuchita bwino m'dziko limeneli.

Chipewa chinapita kwa mnyamata wina wonenepa, yemwe ankafika pa besi yachiwiri ali wefuwefu. Ndinaganiza kuti aphunzitsi asokoneza mayina. Amayi anandigwira dzanja kukafunsa, ndipo aphunzitsi anafotokoza mwaulemu kuti amawerenga mabesi okhawo amene munthu wawapeza atamenya mpira. Opatsidwa chifukwa woponya waphonya sawerengedwa, othamangira pambuyo pake sawerengedwanso. Ine ndinalibe ngakhale imodzi.

"Ndiye iwe teremu yonseyi umathamangira chiyani?" anandifunsa amayi.

Ndinachita manyazi kwambiri, makamaka ndikaganiza za Lamlungu lawo lija. M'basi, titadutsa mashopu, amayi anandifunsanso.

"Nanga chibonga chija umati n'chantchito yanji?"

"Ndimayesa n'chodzitetezera, amayi."

Anaseka mpaka misozi, dalaivala n'kutiyang'ana pagalasi. Lamlungu analawirira kuchipatala.

Masiku ano mwana wanga, wobadwira konkuno, amangotsegula foni n'kundionetsa akatswiri akale aja, n'kundifotokozera malamulo onse m'Chingerezi. Fulaye samudziwa. Ndimagwedeza mutu, koma sindinamvetsebe masewera amene munthu amazungulira bwalo lonse n'kuuzidwa kuti sanayende. Amayi anapuma ntchito n'kubwerera ku Kasungu, ndipo mpaka lero amauza alendo kuti ku Mangalande mwana wawo sanakhudzidwepo ndi mpira ngakhale kamodzi. Sanama.