Sukulu ya kompyuta yaphonyetsa Esinati ntchito

Amayi anzanga a mpingo, sukulu ya kompyuta ija ya ku Mzuzu yamuphonyetsa ntchito Esinati wanga. Ndatopa, komabe ndifotokoze.

Polembetsa ndinafunsa ndekha ngati zimene aphunzire zidzagwire mu ofesi ya esiteti ya mphira kumene bambo ake amacheka mitengo kuti ikhe utomoni. Aphunzitsi anati zidzagwira paliponse. Miyezi isanu ndi umodzi mwana akuphunzira chinenero cha makina chotchedwa BASIC. Tsiku loyesedwa ntchito anapeza kuti makina a ku ofesi amamva china, Pascal.

Ine ndinalekeza Sitandade 6, koma Esinati anandimasulira. Akuti nambala iliyonse umaisunga poipatsa dzina. Mu BASIC dzinalo limadziwika paliponse, ngati mbiri ya pachitsime. Mu Pascal ukalitchula m'kachigawo kamodzi limathera momwemo, ngati nkhani ya kuchipinda. Iye anawonkhetsa makilo a mphira m'kachigawo, n'kukaitana dzinalo kunja. Makina anakana katatu.

Mulungu awadalitse a Chirwa, akalaliki aakulu a ku esiteti. Sanamuseke. Anamupatsa sabata imodzi kuti akaphunzire abwerenso.

Lachiwiri tinakwera basi pa Chintheche 5 koloko m'mawa, makhadi a chipani m'manja, poti wopanda khadi sakwera. Tinafika kusukuluko 10 koloko itangokwana. Mtsikana wa pakauntala anati aphunzitsi ali ku tiyi. Tinakhala pabenchi mpaka 2:25. Tiyi wake wotani ameneyo, amachita kukathyola okha kumunda?

Atabwera anati, "Mama, kompyuta ni kompyuta. Zinenero zonse n'chimodzimodzi."

Esinati anatulutsa mwaulemu pepala la zimene analemba tsiku loyesedwa lija. "Ndiye sala, mundionetse pamene ndinalakwa."

Analiyang'ana. Analitembenuza kuseri kopanda kanthu. Kenaka anati makina a ku esiteti ndiwo owonongeka. Owonongeka? Chikhalirecho akugwira ntchito tsiku ndi tsiku?

Mwana anafunsa ngati iwo anagwirapo Pascal. Apo nkhope inasintha. Anati sukulu yawo ndi yovomerezeka ndi boma, ndipo oinyoza amadziwika kumene amathera. Ndinamugwira Esinati dzanja, tinatuluka. Inu mukudziwa chifukwa chake.

Sindikuwatemberera, ayi. Ndimawapempherera. Koma akanangonena kuti sachidziwa, bwenzi titathamangira kwina sabata isanathe. Kunena "sindidziwa" kumalemera makilo angati?

Dzulo a Chirwa anatiitana. Malo apatsidwa kwa mnyamata wina wochokera ku Lilongwe. Anapepesa ngati olakwa ndi iwo.

Inu amene ana anu akulira za kompyuta, musanalembetse pitani kaye ku ofesi imene akufunako ntchito, mukafunse chinenero cha makina awo. Mukafika kusukulu, mphunzitsi akhale pa makina inu mukuona, achilembe.

Esinati ayamba Lolemba m'mitengo, kumbuyo kwa bambo ake. Ndowa ya utomoni ndamutsukira kale.