Dzina lanu pa sopo wowotcha manja

Achemwali, lero pamsika wa Nkhunga ndapeza alamu anu akugulitsa sopo, akuuza anthu kuti ndi "wa malemu uja". Ndagula, ndachapira, manja onse matuza okhaokha. Mtima ukundiwawa!

Mukukumbuka tsiku lija tinkatakasa mafuta a mawese ndi kositiki, mankhwala aukali aja opangira sopo, mpaka phala lake kulimba? Sopo atauma munandinyambititsa. Ndinalavula, inu n'kufa nazo nseko. Munati, "Akaluma lilime ndiye kuti kositiki sanathe kudya mafuta. Ameneyu sapita kumsika."

Anthu amene sanabwere n'komwe kudzakuzondani kuchipatala ndi omwe anatuta zidebe zanu zopangira sopo maliro anu asanathe. Zidebezo atenge, zilibe kanthu. Koma dzina lanu alisiye, achemwali. Inu simunawotchepo munthu.