Kompyuta ya a Chabwera

Ku George, komboni ina ya mu Lusaka, aliyense ankawadziwa a Chabwera, koma mukanafunsa za ntchito yawo mukanamva mayankho awiri. Ena akanati ndi okonza mafoni pa kantemba kobiriwira pafupi ndi siteji ya minibasi. Ena, makamaka azimayi a pa kiyosiki ya madzi, akanayamba aseka kaye kenako n'kunena kuti ndi bambo aja a kompyuta yosayaka. Onsewo akananena zoona.

Bambo awo anachokera ku Mchinji kalekale kudzaphikira azungu mu Lusaka, ndipo sanabwererenso. A Chabwera anabadwira mu komboni momwemo, sukulu anailekezera panjira, koma manja okha Mulungu sanawamane. Anayamba ndi mawailesi, mawailesi atatha fasho anasamukira ku mafoni. Anali munthu wamfupi, wosalankhulalankhula, wa magalasi omangirira ndi waya. Akazi awo, mayi Cathrine, ankakazinga zitumbuwa pakhomo, ndipo mwana anali mmodzi yekha, mtsikana dzina lake Tiwo.

Tiwoyu ndiye mwini nkhani yonse. Chiyambire ali wamng'ono ankajambula nyumba. Osati maluwa kapena nkhope za anthu ayi, koma nyumba, zipinda zake, polowera, ngakhale podutsa madzi a mvula, mwina chifukwa yawo inkadzaza madzi chaka ndi chaka. Atamaliza sekondale, koleji ina ya m'tauni inamutenga kuti akaphunzire kujambula mapulani a nyumba. Koma anamuuza poyera kuti wophunzira aliyense akhale ndi kompyuta yakeyake, yamphamvu, chifukwa ntchito yambiri amagwirira kunyumba. Malo anamusungira mpaka chaka chotsatira. Akapanda kuipeza, malowo apatsa wina.

A Chabwera anapita m'tauni, nayang'ana makompyuta atsopano kudzera pa galasi la sitolo, n'kubwerako osalowamo. Atafika anakhala pa mpando wawo, navula nsapato.

"Kompyuta sibadwa, mwana wanga, amachita kulumikiza anthu," anatero. "Tilumikiza yathu."

Mmenemo ndi mmene mavuto analowera m'nyumba. Zipangizo ankagula kwa a Mathews, amene ankagulitsa za makompyuta akale zochokera kunja, zounjikidwa m'makatoni ngati salaula, zovala zakale za pa kaunjika zija. Lamulo la a Mathews linali limodzi, chinthu chikatuluka pakhomo pawo sichibwereranso. Ndiye munthu umangotola, kuchizunguza, kuchinunkhiza, n'kupemphera.

Bolodi yoyamba, ija imanyamula zina zonse, inali yakufa kale. Yachiwiri inkangolira ngati kamwanapiye kotayika, sikirini ili bii. Anati mwina ndi ramu, kachipangizo kamene kompyuta imakumbukirira zinthu, nagula ina, koma zake zomwezo. Tsiku lina kabokosi kogawa magetsi kanaphulika, utsi tolo, nyumba yonse kununkha labala wopserera mpaka zitumbuwa zinamva. Mayi Cathrine anakalipa tsiku limenelo, anati chinthuchi chidzatiotchera m'nyumba. A Chabwera anangotsegula zenera.

Chimene chinkawapweteka kwambiri sichinali kufa kwa zipangizo, koma kusadziwa chimene chikunama. Foni ankaimva msanga, koma apa chilichonse chinali chakale, panalibe ndi chimodzi chomwe chodalirika choti ayesere zinzake. Ankatha kutaya ramu yabwinobwino, pamene wolakwa ndi bolodi. Akasintha bolodi, china chimene dzulo chinali bwino n'kudwala. Choncho bokosi la kompyutayo silinatsekedwepo. Linkangokhala pa tebulo m'mimba muli poyera, mawaya ali lendelende, zinthu zongokhazika popanda zomangira, poti mawa lake zichotsedwanso.

Tiwo ankaona zonsezi ndipo mtima unkamuwawa. Ankaona bambo ake akuyenda wapansi kupita m'tauni m'malo mokwera minibasi, ndipo ankadziwa chifukwa chake. Kunja nako anthu sankamusiya. Anyamata a pa babashopu ya pafupi akamuona ankamufunsa ngati ndege ya ba Chabwera yanyamuka. Tsiku lina zinamukwana.

"Badadi, siyani chabe. Nizasakila nchito ku shopu," anatero.

Bambo ake sanadzutse mutu. Anangomuuza kuti awagwirire tochi, ndipo iye anagwira.

Nthawi imeneyo n'kuti a Chabwera atayamba kale kutsokomola. Miyendo inkatupa, thupi likutha, malaya akuwakulira. Kuchipatala anawapatsa mapilisi, nawauza kuti apume, koma kupuma kwa a Chabwera kunali kusiya mafoni a anthu n'kukhala pa tebulo lija. Abale inu, munthu ameneyu anali wouma mutu, ndipo kuuma mutu kwakeko kunali chikondi, poti mawu achikondi pakamwa pake sankatuluka.

Masana ena a m'nyengo yozizira anadina batani ngati masiku onse. Fani inazungulira. Kunamveka kulira kamodzi kokha, kwakufupi, kenako sikirini inawala ndipo zilembo zinayamba kutsetsereka. A Chabwera sanakuwe. Anaimirira pang'onopang'ono atagwira tebulo, namuuza Tiwo kuti akhale pa mpando wawo. Mtsikanayo anagwira mausi, ndipo kamuvi kanayenda kumene iye ankafuna. Mayi Cathrine anasiya mafuta pamoto n'kudzaima pakhomo, akupukuta maso ndi chitenje. A Chabwera anati mawa akagula zomangira, atseke bokosi, ntchito ithe.

Mawa lakelo sanathe kudzuka. Anawatengera kuchipatala, ndipo mwezi usanathe anamwalira.

Maliro a mu komboni mukuwadziwa. Katundu yense amatuluka m'nyumba kuti azimayi apeze pokhala, azibambo ali panja. Tiwo sanalole munthu kukhudza kompyuta. Anainyamula yekha, naiika pakona kuchipinda, n'kuifunditsa chitenje. M'masiku onse olirawo, akamva kuti mtima ukumuthawa, ankayang'ana pakonapo. Bambo anapita, koma chimene anamusiyira chinalipo, ndipo chinkayaka.

Kuchokera ku Mchinji kunabwera azakhali a Philomena, mlongo wamkulu wa malemu, amene anakulira kumudzi kwa agogo awo. Anali mayi wamphamvu, wa mawu aakulu ndi mtima wofewa. Ndiwo ankamukakamiza Tiwo kudya, ndiwo ankamufunditsa. Ndiwonso ankadziwa mwambo, kuti za malemu sazigawa kapena kuzigwiritsa ntchito zisanachapidwe m'madzi a mankhwala, kuti wozilandira zisamulemere. Mizu yake anabwera nayo okha, yomanga pa kansalu.

M'mawa wotsatira tsiku loika maliro, Tiwo ndi mayi ake anapita ndi akuluakulu kukaona manda. Azakhali anatsala kuti akonze za kugawa. Pobwera dzuwa linali litakwera. Malaya a malemu anali pa chingwe, nsapato pa mpanda, mabulangete akudontha. Ndipo pa mphasa, pakati pa bwalo, panali bokosi lija lili mbee, zam'kati mwake zitayalidwa bwinobwino pambali. Bolodi inkanyezimira. Azakhali anali chigwadire pa beseni la thovu, bulashi yochapira ili m'manja.

Anamuuza Tiwo mokondwa kuti fumbi linali m'menemo silinali lamasewera, moti anachita kuviika kaye kenako n'kukwecha kawiri, makamaka muja muli timano ting'onoting'ono. Tiwo anasuzumira m'beseni. Pansi pa madzi panali tizinthu takuda ngati mpunga wopserera, tina tozungulira ngati nyemba, tonse tothothoka pa bolodi. Ankatidziwa. Anali ataona bambo ake akutigwira ndi kachitsulo kopanira, atabanika mpweya kuti tisagwe. Pomwepo anadziwa kuti kompyuta ija yafa, ndipo woti n'kuidzutsa anali atamusiya kumanda m'mawa womwewo. Anangokhala pansi pa dothi, ndipo anthu anati mwana akulira bambo ake.

Pogawa, msuweni wa malemu, a Joseph, anati kompyutayo iwayenera iwo popeza ali ndi ana aamuna. Eee, anaputa mavu. Azakhali anaimirira, namanga chitenje, n'kuwafunsa ngati anatsokomolapo nawo pa tebulo lija. Anati mlongo wawo anawauza yekha pa foni kuti chinthuchi ndi sukulu ya Tiwo, ndipo wofuna kuchitenga ayambe wawapha iwo. A Joseph anangolandira jekete.

Kenako azakhali analongedza zonse m'bokosi ndi manja awo, mosamala ngati mazira, namuitana mtsikanayo. Tiwo anagwada, nalandira ndi manja awiri, nathokoza. Bokosilo linkanunkhira sopo.

"Ndakumenyera nkhondo, mwana wa mlongo wanga," anatero azakhali, misozi ili m'masaya. "Tsopano yatsa. Ndione nanenso chimene anavutikira, ndikafotokoze kumudzi."

Anthu onse anatembenukira kwa Tiwo. Iye anayang'ana manja a azakhali ake, otuwa ndi sopo, okwinyika ndi madzi a m'mawa wonse. Mayi ameneyu anali atayenda ulendo wautali kudzaika mlongo wake yekhayo, ndipo mawa ankabwerera ndi chinthu chimodzi chomutonthoza, choti wamuchitira mwana wamasiye zabwino.

"Malaiti yaenda, azakhali," anatero Tiwo.

Azakhali anapukusa mutu, nadandaula za magetsi a m'tauni, n'kumuuza kuti palibe kanthu, akadzayatsa adzawaimbire foni. Tiwo anavomera ndi mutu. Mayi Cathrine anamuyang'ana mwana wawo nthawi yaitali, kenako anawerama. Kuseri kwa mpanda, pa babashopu, makina ometera ankangolirabe.